Nyanja ya pabalaza panga

Ngongole ya mlamu sibwerera momwe inapitira. Imapita ili ndalama, pobwera imakhala katundu. Yanga inanyamuka mu 2019 ili thiransipoti yoti alamu anga akafikire ku Joni, ndipo inabwera mu Meyi 2022 ili chigalasi chamakona anayi, chokulungidwa m'mabulangete awiri, chili pa wilibala ya anyamata a ganyu a pa siteji ya Chirimba. Anyamatawo ndinawalipira ndine.

"Alamu, ndalama zanu zija ndi izi," anatero akuvundukula bulangete.

Ndinayang'ana bwinobwino. Ndalama zanga zinkaonekera mbali zonse, moti ndinkatha kuona mayi a kunyumba kuseri kwake atagwira m'chiuno.

Nkhani yake akuti bwana wawo wa ku Durban anasamukira ku Australia, nawasiyira thanki yowetera nsomba za m'nyanja yamchere. Munali chinyale chachitali cha machubu anayi, kapampu, hita, ndi thumba la miyala yoyera yabowobowo. Miyalayo alamu ankaigwira ngati mazira. "Awa ndi makorali, alamu. Mukangowathira madzi amchere n'kuwayatsira getsi ili, amaphuka. Ofiira, achikasu, obiriwira, zonse." Anandionetsa chithunzi pafoni. Pabalaza pa mzunguyo pankawala ngati kumwamba kumene abusa amatiuza, ndipo pakati pa maluwa a m'madziwo pankayenda kansomba kamizeremizere, kaja ana amakadziwa mu filimu ya Finding Nemo.

Munthu wanzeru akanafunsa funso limodzi lokha: nanga inu bwanji osatengera kwanu? Ine sindinafunse. Ndinali nditayamba kale kudziona nditakhala pa sofa, mwendo pamwamba pa unzake, anzanga a kuntchito akusowa chonena. Pa mdadada wathu wa zitseko zitatu wina ali ndi filiji, wina ali ndi dishi padenga. Ine ndinkati ndikhale woyamba m'Chirimba monse kukhala ndi nyanja. Dziko lathu lomwe linalephera kupeza gombe la nyanja yamchere, katundu wathu amachita kudzera ku Beira ndi ku Nacala, koma ine ndinkati ndithetse vutolo ndekha, pakati pa kabati ndi wailesi ya kanema.

Madzi sanavute. Thankiyo ndi ya malita 180, zidebe zisanu ndi zinayi, ndipo sabata imeneyo mpopi unali ndi chisoni. Mchere ndi umene unayamba kundichititsa manyazi. Mwana wanga wamkazi, amene nthawiyo anali Fomu 3 ndipo ndi yekhayo m'banja mwathu amene amagula bandulo kuti awerenge, anandiuza kuti lita iliyonse ya madzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu 35 a mchere. Titawerengera zinakwana makilogalamu 6 ndi kakusefukira. Mayi wogulitsa mchere mumsika anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Bambo, mwapha ng'ombe?"

Ndinati ndi za pulojekiti. Mawu amenewa kuno amatseka pakamwa aliyense. Patapita nthawi ndinamva kuti mchere wa m'ndiwo si umene umafunika, pali wina wosakaniza ndi kashiamu, maginiziyamu ndi zina zimene makorali amamangira matupi awo. Koma pamenepo n'kuti nditatakasa kale nyanja yanga ndi mthiko wa mayi a kunyumba.

Tsono nyale. Mwana uja ndiye anandimasulira chifukwa chake getsi ndilo mwini nkhani. Akuti korali si mwala, si duwa, ndi kanyama. M'thupi mwake mumakhala tindere tosaoneka ndi maso, dzina lake zooxanthellae, limene ndinaliyesa katatu lilime n'kukana. Tindereto timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga chimanga chimachitira m'munda, ndipo gawo lalikulu timapereka kwa mwini thupi. Apa ndinamva msanga, chifukwa moyo umenewu ndimaudziwa. Korali ndi landilodi. Sapita kuntchito, amangokhala pamalo amodzi kudikira lendi. Kuwala kukasowa kapena madzi akatentha kwambiri, alendi amasamuka, landilodi amayera mbuu, kenaka njala imamumaliza.

Ndipo akuti si kuwala kulikonse. Madzi amameza mtundu wofiira pa mamita ochepa oyambirira, umene umafika pansi ndi wa buluu. N'chifukwa chake nyale za makorali zimalembedwa 10,000K mpaka 20,000K, pamene mababu athu a m'golosale amalekeza pa 6,500K, ena achikasu aja 2,700K. Nditamva K ndinayamba ndagwira thumba poganiza kuti ndi makwacha. Anati ayi adadi, ndi muyeso wa mtundu wa kuwala. Pambuyo pake ndinazindikira kuti thumba langa silinalakwitse kwenikweni.

Pulagi ya ku Joni ili ndi mano atatu obulungira, pamene masoketi athu amafuna mano amakona. Vuto limeneli mwamuna wa m'tauni salipititsa kwa mmisiri. Ndinadula pulagiyo ndi mpeni, n'kusenda mawaya awiri, n'kuwalowetsa m'soketi ndi timitengo ta machesi monga anatiphunzitsira makolo. Waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu uja, ndinaupinda n'kuusiya pambali. Ndinkaona ngati azungu amangouikamo kuti pakhale pokongola.

Nditayatsa, machubu awiri oyera anayaka bwinobwino. Awiri a buluu anaphethira, kuphethiranso, kenaka zii. Ndinawerama kuti ndione, dzanja lina lili pa chitsulo cha nyale, lina likukonza mwala m'madzi.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji pakhomo la kuchipinda. Ana akuti ndinalankhula Chisena, chonsecho kwathu ndi ku Ntcheu. Madzi amchere amanyamula magetsi kuposa madzi wamba, ndipo waya wokongoletsa uja ntchito yake ndi kutengera pansi magetsi osochera kuti asadzere mwa bambo wa pakhomo. Phunziro limeneli ena amalipirira fizi ku sukulu ya zaluso. Ine ndinalilandira kwaulere, m'masekondi awiri. Mayi a kunyumba, ataona kuti ndikupuma, anangoti, "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, abambo. Pitirizani."

Loweruka ndinanyamula nyale ulendo wa ku Ndirande, kumene chinthu chilichonse chakufa chimapatsidwa mwayi wachiwiri. Kondakitala anafuna kuti nyaleyo ilipire mpando wake. Tinagwirizana kuti ndiimike pakati pa miyendo, ndipo ulendo wonse inkagogoda chipewa cha bambo wina wa kutsogolo, amene anapirira mpaka pa Magalasi, pomwe anatembenuka n'kufunsa ngati ndili ndi mlandu naye.

Mmisiri amene anandilozera amakhala m'kakontena kodzaza mawailesi opanda zivindikiro. Anaitembenuza nyale ija uku ndi uku.

"Sitata yake ili kuti, bigi?"

Ndinati mwina inagwera pa Mwanza pochita sechi. Anamasula zomangira, nasuzumira m'kati, n'kuseka. Akuti awa ndi machubu a T5, owonda aja, sakhala ndi sitata ngati machubu akale a m'makalasi. Ali ndi choke yamakono imene imayatsa yokha. Ndiye anachita chinthu chimene chinandipweteka mtima chifukwa cha kuphweka kwake. Anazula chubu choyera chimene chinkayaka, nachiika pamalo pa cha buluu. Cha buluu anachiika pamalo pa choyera.

"Matenda akatsatira chubu, wodwala ndi chubu. Akatsala pampando, ndiye kuti ndi mpando kapena choke. Musamathamangire kugula zinthu, bigi."

Matenda anapezeka mbali zonse, ngati banja lathu. Pa timipando togwira machubu panali chikhakha choyera, pena chobiriwira, mchere wa ku Durban umene unkauluka ndi tinthunzi n'kumadya zitsulo mwakachetechete zaka zonsezo. Anapala ndi sandipepa, napukuta ndi mswachi wakale wouma. Kenaka anandionetsa nsonga za chubu chimodzi cha buluu, zakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Chimenecho chinali chitafa ndi ukalamba. Chinzake chinali chamoyo ndithu, koma pa nyale imeneyi machubu awiri amadyera choke imodzi, ndiye wina akamwalira mnzake amakhala pansi kukhuza maliro. Anandiikira pulagi ya kuno ya fyuzi, nabwezera waya wokongoletsa uja pamalo pake akundiyang'ana ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Pondiperekeza anandiuzanso kuti machubu otere, ngakhale azioneka kuti akuyaka, mphamvu yake imakhala itatsika pakatha chaka. Ndinamuthokoza ngati mmene timathokozera dokotala amene watiuza kuti mankhwala ake kuno kulibe.

Kufuna chubu cha T5 cha buluu, cha mawati 39, mumzinda wa Blantyre ndi ntchito yofuna tchuthi. Ndinayenda masitolo a mu Haile Selassie, ndinatsika ku Limbe, ndinalowa mpaka m'timashopu ta kuseri kumene amagulitsa mawaya pa mita. Funso linali limodzimodzi paliponse.

"Buluu wa chiyani, madala?"

Ndikati wa miyala, ena ankaitana anzawo kuti adzamve nawo. Wina ananditulutsira chubu cha kamakina kophera ntchentche ka m'mabutchala. Wina anati ali ndi magetsi a Khirisimasi otsala chaka chatha, andichotsera mtengo. Mnyamata wina waulemu anati akhoza kundiitanitsira ku Joni, koma n'kuti kwacha itangogwa kumene ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi, ndipo mtengo umene anandilembera pakapepala unkafanana kwambiri ndi chiwerengero chimene ndinali nditangochiona pa kalata ya fizi. Ndinapinda kapepalako mwaulemu.

Chipulumutso chinachokera kwa anyamata a kabaza. Njinga zawo zamoto usiku zimawala buluu kunsi, timagetsi ta LED tomata ngati selotepu. Ndinagula mamita awiri ndi ka adaputa ka mavoti 12, n'kumata m'mphepete mwa nyale. Chimene wogulitsa sanandiuze n'chakuti timagetsito tinali ndi maganizo aketake. Tinkayamba buluu mwaulemu, pakapita mphindi tinkalumphira kufiira, kubiriwira, kenaka n'kuyamba kuthwanima mothamanga ngati ambulansi yochedwa. Karimoti kake akuti kanatsala ku China.

Usiku woyamba, cha m'ma 9 koloko, kunamveka odi. Abambo awiri amene sindinawaonepo anali pakhonde, wina atayamba kale kukhala pa mpando wanga wa ndalema.

"Awiri ozizira, bwana. Mwatsegula liti?"

Zimenezo zinali zopepuka. Sabata isanathe, mphekesera inasintha mtundu. Amayi a pampopi anayamba kutsitsa mawu mkazi wanga akamafika. Akuti nyumba ya pakati ija usiku imayaka moto wa buluu, ndipo muli chigalasi chamadzi chimene bamboyo amaoneramo anthu. Mwana wa neba atadwala malungo zinadziwika kuti ndamuonera m'galasi. Ine munthu woti pa 15 mwezi uliwonse ndimakhala nditalembetsa kale ngongole ya sopo pa okala, ndinatchuka kuti ndakhwimira chuma.

Akuluampingo anabwera awiri Lachinayi madzulo, akuti amangodutsa. Ndinawalandira ndi tiyi, n'kuwayatsira nyale kuti aone okha kuti ndi sayansi chabe. Anayang'ana nthawi yaitali. Kuwala kofiira kunkadutsa pankhope zawo.

"Nsomba zake zili kuti, abambo?"

Ndinati sizinabwere.

"Nanga mumayang'anamo chiyani usiku wonse?"

Ndinati ndimadikira kuti miyala iphuke. Wamkuluyo anaika kapu pansi pang'onopang'ono, nati tiyeni tipemphere. Pemphero lake linali lalitali, ndipo dzina langa linatchulidwa kasanu.

Mlandu weniweni unabuka pa mita. Zitseko zitatu zonse timadyera mita imodzi, timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo lamulo la alandilodi ndi lakale: hotipuleti ayi, ayironi Lamlungu lokha. Za nyanja lamulolo silinanenepo kanthu, ndiye ine ndinkaona kuti ndili kumbali ya chilungamo. Koma Juni anafika ndi chiperoni, ndipo madzi a makorali amafuna kukhala pa madigiri 25 usana ndi usiku. Hita ya mawati 200 ija inagwira ntchito ngati kapolo. Mayunitsi amene ankatifikitsa pa 30 anatha pa 19. Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango. Neba wa filiji, amene filiji yake imalira ngati chigayo, ndiye anali woimira boma pamilandu. Ndinayesa kufotokoza za landilodi wa m'madzi ndi alendi ake, poganiza kuti alandilodi athu amva chisoni ndi mnzawo. Anagamula kuti ndizisonkha pawiri, ine ndi nyanja yanga, aliyense chitseko chake.

Chonsecho magetsi akewo tinkangowaona mwa apo ndi apo. Chaka chimenecho namondwe wa Ana anali atagumula damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunasanduka ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Makorali amafuna kuwala maola 8 kapena 10, nthawi yofanana tsiku lililonse, monga dzuwa lichitira kwawoko. M'nyanja yanga dzuwa linkatuluka 11 koloko usiku, n'kulowa tambala asanalire kachiwiri. Masiku ena silinkatuluka n'komwe. Pamenepo ndinkatenga tochi yotchaja ija, yokhayo m'nyumba, n'kukhala pa mpando kuunikira miyala, dzanja likatopa n'kusinthira linalo.

Tsiku lina mayi a kunyumba anaima pakhomo la kukhitchini osalankhula. Ndinatsatira maso awo. Patebulo ana atatu anali ataunjikana pa kandulo imodzi, wamkulu akuwerenga za mayeso, wamng'ono akukankha mutu wa mnzake kuti aone pa kope.

"Miyalayo ikulemba liti mayeso, abambo?"

Ndinayankha kuti zinthu zazikulu zimafuna kudekha, kuona maso a nkhono. Anati nkhonoyo bola ili ndi maso.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, chozizwitsa chinachitika. Miyala inayamba kuderako, kenaka inamera ubweya wobiriwira umene unkagwedezeka ndi kapampu. Ndinathamanga panja ndi vesiti yokha kukaitana neba wa filiji, woimira boma uja, kuti adzaone ndi maso ake. Mwana wanga anabwera, nasuzumira, nandikokera pambali kuti asandichititse manyazi pagulu.

"Adadi, izi ndi ndere. Zomwe zija za pa ngalande ya kubafa."

Kenaka ananena zimene akuti anazidziwa kalekale koma ankaopa kundiuza. Korali akauma ndiye kuti wafa. Choyera chimene chimatsala ndi chigoba chake, laimu basi. Miyala yanga inali itakhala miyezi m'galaja ku Durban, n'kuyenda masiku awiri pansi pa basi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Kwa mwezi ndi theka ndinakhala ndikulipira mayunitsi pawiri, kugwidwa shoko, kupemphereredwa, n'cholinga chounikira mafupa.

Ndinaimbira alamu, amene anali atabwerera kale ku Joni.

"Aaa, alamu, ine zam'katizo sindinkazidziwa. Ine ndinkangopukuta galasi kunja."

Chimene chinandimaliza si chimenecho. Mwana yemweyo, pofuna kunditonthoza, anandionetsa pafoni mathanki a anthu a ku Germany, ku America, ku Japan. Nsomba zachikasu ngati nthochi yakupsa, zina za buluu wa mizere yakuda, zikuthamangitsana m'miyala. Pansi pa chithunzi chilichonse panali dzina la dziko langa. Zinali mbuna, tinsomba ta m'matanthwe a nyanja yathu yomweyi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko. Mngelezi wina, Stuart Grant, anakhazikika ku Senga Bay ku Salima n'kumazitumiza kunja pa ndege kuyambira m'ma 1970 mpaka pamene anamwalira mu 2007. Ku Cape Maclear boma linakhazikitsa paki mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mzungu amasunga ndalama kuti aike Malawi pabalaza pake. Ine wa ku Malawi ndinali kalikiliki kufuna kuikapo Durban.

Ndiye tamvani zofuna za mbunazo. Madzi opanda mchere. Nyale wamba, machubu anga awiri oyera aja akanakwana n'kutsalako. Chakudya chake chachikulu kwawoko ndi ndere za pamiyala, mbewu yokhayo imene ine ndinaonetsa kuti ndimaidziwa kulima.

Kunyanja ndinapitako kawiri, ulendo wa kuntchito ndi wa ukwati, ndipo maulendo onse awiri nsomba ndinaziyang'ana zili m'mbale. Apongozi anga aakazi, amene kwawo ndi ku Monkey Bay, atabwera kudzationa mwezi wotsatira ndinawafotokozera zonsezi ngati nkhani yatsopano. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Tinsomba ta m'miyala tija? Timene ana amawedza posewera? Mpaka kukwera ndege, ine ndisanakwereko?"

Anawonjeza kuti yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, pafupifupi milungu itatu, osadya. Mwana wawo, amene ndi mkazi wanga, anati nsomba imeneyo ndi yofunika kuti bambo ena aione, milungu itatu pakamwa pali chitsekere, nyumba ino ikanapumako. Apongozi anayang'ana kumbali mwaulemu, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ndinayamba kuwerengera za ulendo wa ku Salima. Ndinali nditafika pa mtengo wa thiransipoti pamene mipopi inauma masiku anayi otsatizana. Tsiku lachiwiri ndikuchokera kuntchito ndinapeza nyanja yanga itathiridwa pabwalo, pamene pankavuta nyerere, thanki itatsukidwa ndi sopo, ndipo ana ali pamzere ndi zidebe kuchokera ku chitsime. Palibe anandifunsa maganizo. Kuyambira tsiku limenelo chigalasi chija chimasunga zidebe zisanu ndi zinayi za madzi, chovindikiridwa ndi thabwa ndi nsalu yoluka, ndipo mipopi ikauma amayi aja ankati ndimaoneramo anthu amabwera ndi tizigubu, kuwerama pagalasi lomwelo n'kumadziyang'anira mipango.

Nyale inapachikidwa pamwamba pa tebulo la ana. Timagetsi ta disiko ndinagulitsa theka la mtengo kwa mnyamata wa kabaza, ndipo usiku ndikamuona akutsetsereka kuchokera ku msika, akuthwanima buluu, kufiira, kubiriwira, ndimamuimikira dzanja ngati m'bale.

Miyala ija ili kubafa. Akuti palibe mwala wina umene umakwecha zidendene ngati umenewu. Akazi a alandilodi anabwereka umodzi chaka chatha ndipo sanabweze, wina unapita ku Monkey Bay m'chikwama cha apongozi.

Alamu anaimba Lamlungu lapitali. Akuti sanaiwale kuti thanki ija sinakwanire ngongole yonse, chotsalacho abweretsa pa Khirisimasi. Bwana wawo watsopano nayenso akusamuka, ndipo amaweta njoka.